Lozani ndi chala pamene chithunzicho chakukhudzirani

Anthu awiri akayamba kutsutsana za chithunzi chojambula pamanja, sipapita nthawi wina asanaponye mawu oziziritsa nkhani: "Aliyense amaona zake." Akatero onse amagwedeza mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawuwa amamveka aulemu, koma ine sindigwirizana nawo. Amapha nkhani pamene yayamba kumene kukoma, ndipo amaika pa sikelo imodzi munthu amene waima pachithunzi theka la ola ndi amene wangochiponyera diso akudutsa.

Kuti anthu amaona zosiyana, zimenezo sindikutsutsa. Chimene chithunzi chakuchitani mumtima ndi chanu, palibe pulofesa angakulandeni. Chomwe ndikukana n'chakuti zonse zimene anthu amati aona n'zolemera mofanana. Mukanena kuti chithunzi chikutanthauza chakutichakuti, mukhale okonzeka kuloza ndi chala pamene mwazionera. Mukatha kuloza, maganizo anuwo ali ndi poimira, ngakhale wojambulayo sanawaganizireko n'komwe. Mukalephera, ndiye kuti mukutiuza za moyo wanu, osati za chithunzi. Za moyo wanuzo tizimva ndithu, ndipo nthawi zina n'zimene zimakhudza kwambiri, koma tisazisokoneze ndi zomwe zili pansaluyo.

Titenge chithunzi chimene anthu akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 80. Pa 26 Epulo 1937, nkhondo yapachiweniweni ili mkati ku Spain, ndege zankhondo za Germany ndi Italy, zomwe zinkathandiza Francisco Franco, mkulu wa asilikali amene anaukira boma, zinathira mabomba tauni yaing'ono ya Guernica, kwawo kwa anthu a mtundu wa Basque. Linali Lolemba, tsiku la msika. Pablo Picasso ankakhala ku Paris, ndipo boma la Spain linali litamupempha kale kuti ajambule chithunzi chachikulu choti chikaikidwe pa chionetsero cha mayiko chomwe chinachitika mumzindawo chaka chomwecho. Atawerenga za Guernica m'nyuzipepala anasiya zomwe ankalingalira poyamba, n'kuyamba ntchito ina imene anaimaliza kumayambiriro kwa Juni, n'kuitcha Guernica. Nsalu yake ndi yaikulu zedi, mamita 3.49 kupita m'mwamba ndi mamita 7.76 m'litali. Mtundu wofiira mulibe, wobiriwira mulibe. Ndi chakuda, choyera ndi chotuwa basi.

Kumanzere kuli mayi wagadamitsa nkhope kumwamba, kukamwa kuli yasa, mwana wakufa ali m'manja mwake, kamutu ka mwanayo kali lende. Maso a mayiyo anajambulidwa ngati madontho a misozi. Pamwamba pake paima nkhunzi. Pakati penipeni pali hatchi yolasidwa ikulira, lilime lake losongoka ngati nsonga ya mpeni. Pansi pa hatchiyo pagona msilikali woduka ziwalo, dzanja lake lidakagwirabe lupanga lothyoka, ndipo pafupi ndi lupangalo pali kaduwa kojambulidwa ndi timizere toonda, koti wothamanga sangakaone. Kumanja munthu wakweza manja m'nyumba yoyaka moto. Mzimayi wina wasuzumira pawindo atatambasula mkono wonyamula nyale ya mafuta, ndipo pamwamba pa mutu wa hatchi pali babu la magetsi mkati mwa chinthu chooneka ngati diso.

Ndege mulibemo. Bomba mulibemo. Nkhope ya Franco simungaipeze.

Mkangano waukulu wakhala pa nkhunzi ija. Ena amati ikuimira nkhanza za omwe anaponya mabomba. Ena amati ayi, ndi anthu a ku Spain eniake, poti ng'ombe yamphongo ndi chizindikiro cha dziko lawo. Mwini chithunzi sanathandize. Nthawi ina anauza womufunsa kuti nkhunziyo ndi nkhanza ndi mdima, ndipo hatchi ndi anthu wamba. Nthawi inanso anayankha kuti ng'ombe ndi ng'ombe, hatchi ndi hatchi, oonera aone zomwe akufuna kuona. Apa ndi pamene a "aliyense amaona zake" amaombera m'manja: mwamva nokha, ngakhale Picasso wavomereza.

Koma taonani mmene magulu awiriwo amatsutsirana. Woyamba amaloza nkhope ya nkhunziyo: chilichonse m'chithunzimo chikulira, chikuthawa kapena chafa, koma iyo yokha ilibe bala, yangoima ngati sizikuikhudza. Wachiwiri amaloza thupi lake, mmene lakutira mayi wa mwana wakufa uja ngati likumutchinga. Onse awiri ali ndi poloza. Mukhoza kukhala nawo usiku wonse osatopa, chifukwa aliyense akayankhula amakubwezerani maso pachithunzi n'kukuonetsani chomwe simunachione. Tsono abwere wachitatu anene kuti kwa iye chithunzichi chikuyamikira kukoma kwa kupambana pankhondo. Mum'funse pamene wazionera, aloza chiyani? Lupanga lothyoka? Picasso sanafune kumangirira ng'ombe yake pa tanthauzo limodzi, zoona. Sizikutanthauza kuti anailekerera kuti iloweretu m'munda wa aliyense.

Kaduwa kaja nakonso. Wina amati ndi chiyembekezo, ndipo ali ndi poloza. Mnzake amamuyankha kuti ayang'ane kuchepa kwake pa nsalu ya pafupifupi mamita asanu ndi atatu, ayang'anenso kufooka kwa mizere yake poyerekeza ndi mano a hatchi: ngati ndi chiyembekezo, ndiye chotsala pang'ono kuzimiririka. Woyamba uja akabwerera kukayang'ana, sachoka ali chimodzimodzi. Akanangouzana kuti aliyense amaona zake, onse akanapita kwawo ndi zomwe anabwera nazo.

Zili ngati mlandu wa malire a munda pabwalo la mfumu. Simungangonena kuti "mumtima mwanga ndikumva kuti munda ndi wanga." A nyakwawa amadzuka, gulu lonse n'kulondola kumundako, ndipo amakuuzani kuti muloze chulu kapena mtengo umene malemu agogo anu anausiya ngati malire. Mnzanu nayenso amaloza wake. Mwina mlandu sutha tsiku limenelo, koma aliyense waona kuti mukukanganirana munda umodzi.

Ndipo musaganize kuti kuloza kumafuna sukulu. Mayi amene anaikapo mwana wake m'manda, mutamuimika kutsogolo kwa Guernica, mwina sangayang'ane n'komwe hatchi kapena babu. Maso ake akakamira kumanzere. Za Franco sakuzidziwa, za Basque sanazimvepo. Koma mukam'funsa, aloza khosi la kamwana kaja, n'kukuuzani kuti mwana wogona sagwetsa mutu chonchi. Mayi ameneyu wachiwerenga chithunzicho bwino kuposa wophunzira amene waloweza chaka ndi dzina la tauni koma sanaime n'kuyang'ana. Moyo wake ndi umene wam'tsegula maso, koma chimene waona chilipodi pansalupo, ndipo inenso ndikhoza kuchiona iye akandilozera.

Akuluakulu a ndale amadziwa bwino kuti chithunzi sichitanthauza chilichonse chimene munthu wafuna. Chithunzi chenichenicho chinakhala zaka zambiri ku Museum of Modern Art, nyumba yoonetsera zojambula ya ku New York, chifukwa Picasso anakana kuti chipite ku Spain ulamuliro wa Franco ulipo. Chinakafika kwawo mu 1981, ndipo lero chili m'nyumba yoonetsera zojambula ya Reina Sofía mumzinda wa Madrid. Koma kuyambira 1985, pakhomo la chipinda cha Security Council ku likulu la United Nations panapachikidwa nsalu yoluka yotengera chithunzichi. Pa 5 Febuluwale 2003, tsiku limene Colin Powell, nduna yoona zakunja ya America, anakafotokoza zifukwa zothira nkhondo dziko la Iraq, nsaluyo inali itaphimbidwa ndi katani ya buluu. A bungwelo anati makamera a TV amafuna kumbuyo kosalala. Mukhulupirire kapena ayi, nkhani ya katani ija inafala dziko lonse, ndipo sipanafunike wofotokozera anthu chifukwa chake zinali zochititsa manyazi. Chikhala kuti aliyense amangoona zake, katani imeneyo sikanakhala nkhani.

Pali gulu lina limene limandimvetsa chisoni kuposa kundikwiyitsa: aja amati "ine za zojambula sindizidziwa" n'kutseka pakamwa. Ambiri mwa iwo vuto si kusadziwa, ndi changu. Ofufuza ena anawerengapo nthawi imene anthu amaima pachithunzi chimodzi ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo mu 2001 anapeza kuti ndi pafupifupi masekondi 27. Masekondi 27 sakwana ngakhale kupeza kaduwa kaja. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano tibwere pafupi, ku nkhani imene abale athu okhala ku Joni akuikumbuka. Mu Meyi 2012, ku Goodman Gallery, nyumba yoonetsera zojambula mumzinda wa Johannesburg, kunaonetsedwa chithunzi cha Brett Murray chotchedwa The Spear. Chinali cha Jacob Zuma, yemwe anali pulezidenti wa South Africa nthawi imeneyo, ataima mmene Lenin, mtsogoleri woyamba wa Soviet Union, anaimira pa chithunzi china chakale cha kumeneko, jekete likuuluka, koma maliseche ali pamtunda. Nyuzipepala ya City Press itachisindikiza, dziko linatentha. Chipani cha ANC chinathamangira kukhoti. Murray anati cholinga chake chinali kunyoza mphamvu za ndale, dyera ndi khalidwe la amuna odziona ngati eni chilichonse, ndipo anakumbutsa anthu kuti iye anagwiritsapo ntchito luso lake polimbana ndi tsankho m'zaka za m'ma 1980.

Anthu akuda ambiri, kuphatikizapo omwe Zuma sankamufuna n'komwe, anaona china. Anaona mzungu akuvula bambo wachikuda pagulu. Anakumbuka Sarah Baartman, mayi wakuda wa ku South Africa yemwe thupi lake linkaonetsedwa kwa olipira ndalama ku London ndi ku Paris kuyambira 1810, ndipo mafupa ake anabwerera kwawo mu 2002. Anakumbuka amuna opita kumigodi, amene ankavulidwa n'kuimikidwa pamzere kuti dokotala awayeze. Pamizere imeneyo panaimanso agogo athu opita pa Wenela. Loya wa ANC pa mlanduwo, Gcina Malindi, yemwe anakhalapo m'ndende nthawi ya tsankho, analira misozi m'khoti momwemo.

Kodi amenewa anangodzionera zawo? Ine ndikuti ayi. Anali ndi poloza: thupi la munthu wakuda, lovulidwa, lopachikidwa pakhoma kuti anthu azilionera, m'dziko limene zoterezi zinachitikadi kwa anthu amoyo. Murray kunena kuti "si zimene ndimafuna" sikufafaniza zomwe anaika pansalu. Wojambula ndi mboni yofunika pa chithunzi chake, koma si woweruza. Akachitulutsa pakhomo, chimakumana ndi anthu omwe ali ndi zipsera zimene iye alibe, ndipo zipserazo zimaona zinthu zenizeni. Omwe anaona chipongwe cholunjika kwa wolamulira nawonso anali ndi poloza, kaimidwe ka Lenin kaja, kamene kamafunsa kuti omenyera ufulu asanduka chiyani atalawa mpando. Mbali zonse ziwiri zinali ndi chala, ndipo mkanganowo unali woyenera kuchitika, ngakhale unali wowawa.

Amene sindingawaikire kumbuyo ndi amuna awiri omwe pa 22 Meyi analowa m'nyumbamo ndi zitini za penti, wina mzungu wina wakuda. Woyamba analemba mitanda yofiira pankhope ndi pamaliseche, wachiwiri anapaka penti yakuda ndi manja. Mkwiyo wawo ndikuumvetsa. Koma wopaka penti pachithunzi wachotsa pamene tonse timaloza, watsala ndi mawu ake okha kuti tiwakhulupirire. Ndi "aliyense amaona zake" yemweyo, kungoti wabwera ndi chitini: zimene ndaona ine zakwana, inu musaonenso.

Pali malo amodzi pamene ganizo langali limapunthwa, ndipo malowo ali kwathu konkuno.

M'mapiri a Chongoni m'boma la Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi zojambulidwa pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira, zomwe ndi zakale kwambiri, amati anajambula ndi Akafula, ena amati Abatwa: mizere, timadontho, zozungulira zokhala ndi zina mkati. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zambiri mwa zoyerazi zimaoneka ngati nyama yotambalala imene mukuiyang'ana kuchokera pamwamba, miyendo inayi ili tambalale, mchira kumbuyo. Mlendo akafika amati ndi buluzi, kapena ng'ona, kapena chikopa choyanika padzuwa. Mum'funse pamene wazionera, aloza bwinobwino: nayi miyendo, nawu mchira. Mayeso anga wakhoza. Komabe wangokhudza pamwamba, chifukwa ofufuza amene anakhala pansi ndi amayi achikulire a m'derali anapeza kuti zithunzi zimenezi zinkagwira ntchito pa chinamwali, anamkungwi akamalangiza atsikana. Ku Namzeze kulinso zithunzi za zilombo za gule wamkulu, zomwe wosalowa amangoti ndi nyama zopanda mawonekedwe abwino.

Ndiye kuloza pakokha sikukwana. Kumakulowetsani m'bwalo, koma sikukupatsani mawu omaliza. Pali zithunzi zimene sizinajambulidwe kuti aliyense wodutsa azimve. Theka la tanthauzo lake linali pamwala, theka lina linali m'nyimbo ndi m'malangizo omwe ankanenedwa pamwalapo, ndipo theka limenelo lili ndi eni ake. Picasso anajambula Guernica kuti dziko lonse lione. Mayi amene anapaka dothi loyera m'phanga la ku Mphunzi sankaganiza za inu ndi ine.

Komatu taonani: apa ndi pamene "aliyense amaona zake" amaipiratu. Kutsogolo kwa Guernica mawuwa ndi ulesi chabe. Ku Chongoni ndi mwano, chifukwa akuika mphindi zisanu za mlendo wonyamula foni pa muyezo umodzi ndi zimene namkungwi analandira kwa amayi ake, iwonso kwa amayi awo. Mlendo wanzeru amanena zomwe waona, amaloza, kenako amavomera kuti pali khomo lina limene silinam'tsegukire, ndipo mwina silidzam'tsegukira. Kuchoka paphanga usanamve zonse si kulephera. Mwambo suululidwa pamsewu.

Zofiira zija ndiye zimafuna kudziletsa koposa, poti eni ake kulibe woti tikam'funse. Pamene palibe wotsutsa, pakamwa pamamasuka: wina amati ndi mapu a chuma chokwiriridwa, wina amati ndi zilembo za anthu ochokera kumwamba. Zokamba zotere zimakoma pamowa, koma zimalanda Akafula nzeru zawo n'kuzipereka kwa aliyense amene wolankhulayo wam'lota. Munthu woona mtima amanena zochepa: pali zozungulira zitatu, china mkati mwa chinzake, utoto wake ndi wofiira, zoyera zapakidwa pamwamba pa zofiira osati pansi pake. Zochepazo n'zimene wina angamangepo. Za omwe amalemba mayina awo ndi makala pamwamba pa zithunzizi sindinenapo zambiri, ndi abale ake a amuna a zitini aja.

Wina anena kuti ndabweza mphamvu zonse kwa akatswiri ndi akuluakulu, munthu wamba ndam'siya wopanda chonena. Sichoncho. Mlendo ndiye ayenda ndi kalumo kakuthwa. Amene wazolowera chithunzi amasiya kuchiona, ndipo nthawi zambiri ndi wobwera kumene amene amafunsa funso lodzutsa onse: bwanji chinyama ichi chili ndi timadontho pamsana pomwe chinzakechi chilibe? Bwanji nyale ya mafuta ndi babu la magetsi zili pamodzi, kodi kuwala kumodzi sikunakwane? Mafunso amenewa ndi a munthu wamba, ndipo katswiri weniweni amawakonda, chifukwa amachokera pachithunzi n'kubwereranso pachithunzi. Chimene ndikukana ndi chakuti munthu abise ulesi wake kuseri kwa ufulu wa maganizo, kapena katswiri abise wake kuseri kwa digiri. Pulofesa nayenso aloze. Akayamba mawu ataliatali opanda pogwira, mufunseni mwaulemu kuti, "Pepani achikulire, zimenezo mwazionera pati?"

Nanga uja amalira akaona chithunzi cha nyanja ndi bwato chifukwa chofanana nacho chinali pabalaza pa malemu bambo ake? Alire, ndipo tikhale naye. Misozi yake ndi yoona. Koma iye mwini akudziwa kuti akulira bambo ake, ndipo sangakakamize wina kuti bwatolo likutanthauza imfa. Anthu otere savuta. Ovuta ndi amene amafuna kuti zakumtima kwawo zilandiridwe ngati chigamulo, osafunsidwa kanthu.

Funso lakuti "wazionera pati?" si nzeru yanga yatsopano. Philip Yenawine, yemwe anatsogolera za maphunziro ku Museum of Modern Art, pamodzi ndi Abigail Housen anakonza njira yophunzitsira ana kuyang'ana zithunzi imene yagona pa funso lomweli: mwana akanena chimene waona, mphunzitsi samuuza kuti wakhoza kapena walakwa, amangomufunsa chimene chamuchititsa kutero. M'sukulu zathu za pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, ndipo kawirikawiri limathera pa kujambula kapu ndi mpando pa bolodi, poti penti ndi mapepala kulibe. Funso ili silifuna penti. Limafuna chithunzi chimodzi, kaya chodula m'kalendala yakale, ndi mphunzitsi wopirira amene sathamangira kupereka yankho.

Mphunzitsi wa ku Linthipe kapena ku Dedza boma ali ndi mwayi woposa pamenepo, poti mapanga a Chentcherere ndi Mphunzi ali m'boma lake lomwelo. Atawatengera ana ake kumeneko, wina adzati ng'ona, wina adzati ng'ona siikhala ndi mutu wotere, wachitatu adzawerenga zala n'kupeza kuti sizikugwirizana ndi buluzi amene amam'dziwa. Adzakangana njira yonse yobwerera. Akakafunsa agogo awo aakazi madzulo, atsikanawo adzauzidwa kuti adikire akule, ndipo anyamatawo adzauzidwa kuti si zawo.